Tsitsi la maliro a amayi

Chinali chisoti chaubweya chofiira, chong'ambika pakhutu, chonunkha utsi ndi thukuta. Ndinachivala usana ndi usiku nyengo yachisanu imene ndinafika kunyumba ya ana amasiye ku Tsangano, ndipo munthu akangochikhudza ndinkamuluma. Ndinali mwana wovuta, sindikana.

Amayi anga anamwalira kwathu ku Chidzolomondo. Titangoika maliro, amalume anandikweza chapa, minibasi ya kwathu kuno, tsitsi tisanamete. Kwathu pakapita masiku abale amakumana pabwalo n'kumetana, ndiye kuti maliro atha. Pondisiya pachipata amalume anati, "Ndidzakutenga pa kumeta." Ndinadikira. Anthu anakumba kachewere m'minda mpaka kumaliza, nkhungu inkatsika m'mapiri m'mawa uliwonse, koma amalume zii. Lero ndimadziwa kuti kumudzi anameta okha osachedwa. Ulendo ndi wautali, ndipo anali ndi ana awo ofuna kudya. Mkwiyo unatha, koma zimandiwawabe.

Ndiye kunabwera nsabwe. Pamalopo mwana aliyense ankametedwa mpala, ndipo apulofesora, aphunzitsi athu, anati ndi mutu umenewo ndisalowenso m'kalasi mwawo. Kuyabwa kwake, mayo ine! Ndinkakanda mpaka magazi m'zikhadabo, koma lumo ayi. Ndinkaganiza kuti ndikametedwa kuno, amalume sadzakhalanso ndi chifukwa chodzanditengera. Otilera anandinyengerera ndi shuga, anandiopseza, tsiku lina anandigwira anthu awiri. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa, kenaka ndinasiya kulankhula, n'kudya komwe. Sanali anthu oipa ayi. Iwo ankaona nsabwe basi.

Panali amayi ophika, osaseka, a duku lakuda, amene ana tonse tinkawaopa. Anandiitana kuseri kwa nyumba yophikira, anandipatsa kampeni kuti ndizisenda nawo kachewere. Masiku angapo tinasenda chete, zala zitauma ndi madzi ozizira, makoko akugwera m'beseni. Tsiku lina, osandiyang'ana n'komwe, anafunsa, "Kodi kwanu munameta?" Ndinapukusa mutu. Anaika mpeni pansi. "Anthu inu! Mwana angamete yekha maliro?"

Loweruka dzuwa litakwera anatenthetsa madzi, anaika mpando pabwalo, n'kuitana ana onse ndi apulofesora omwe. Anavula duku. Ndinali ndisanaonepo mutu wawo: tsitsi lambiri, lolukana, la imvi. Anakhala pampando n'kunena kuti, "Lero mbale wako ndine. Ndiyamba ine." Apulofesora, amene anandithamangitsa aja, anagwira lumo n'kuyamba kuwameta. Imvi zinkagwera pamchenga wonyowa. Atatha, amayiwo anandikhazika pakati pa maondo awo n'kundimeta okha, pang'onopang'ono, akuzemba zilonda. Ndimakumbukira fungo la sopo ndi mphepo yozizira pamutu. Ndinadziwa pomwepo kuti amalume sakubwera, ndipo ndinalira amayi anga koyamba chichokereni kumanda. Ana ena, amitu yometa kale, anabwera kudzakhala pamzere kuti nawonso lumo liwadutse.

Madzulo ake ndinadya, Lolemba ndinalowa m'kalasi.

Ndili wamkulu ndi pamene ndinamva kuti pa nthawi ya nkhondo ya m'dziko lathu lino, pothawira ku Malawi, amayi aja anaika mwana wawo wamwamuna m'mbali mwa njira, mofulumira, popanda nyimbo kapena abale, n'kupitiriza ulendo. Atabwerera kuno sanapezenso malowo. Zaka zonsezo analibe munthu womumetera naye.

Tsiku limenelo ine zimenezi sindinkazidziwa. Ndinangomva misozi yawo yotentha ikugwera pamutu panga, iwo akulira kuposa ine, mpaka apulofesora anawagwira phewa. Ndinatembenuka, ndipo mawu anga oyamba pambuyo pa masiku onse aja anali akuti, "Amayi, kodi amayi anga munawadziwira kuti?"