Lakisoni, bweza kiyi wa geti

Amene wandikakamiza kulemba izi ndi mng'ono wanga Esinati wa ku Kaunda Square. Ine ndimafuna sabata ino tikambe za mtengo wa malasha, koma iye wati, "Ba sisi, malasha adzakwerabe sabata ya mawa. Lembani za Lakisoni." Ndiye malasha adikire.

Nyumba yanga ya ku Chelstone ndinaiika pa malonda chaka chatha, mvula itangotha. Mvula ina yabwera, yapita, nyumba ilipobe ndipo ine ndili momwemo. Anaigula ndi malemu amuna anga a Banda, nthawi imene ankagwira ntchito ku Heavy Industrial Area. Anali munthu wokonda kubzala. Mango, mapeyala, magwafa, ndi mtengo wina umene mpaka lero sindidziwa kuti ndi wa chiyani, umangogwetsa masamba. Iwo anapita kukapuma, tsache anasiyira ine.

Manje maondo anakana. Mwana wanga Tiyanjane wandipezera kanyumba ka zipinda ziwiri ku Kabwata, pafupi ndi iye, kopanda masitepe, kopanda mtengo. Mwini wake wati andidikira mpaka kutha kwa mwezi wa mawa, kupitirira apo apatsa wina. Kuti ndigule ako, ndiyenera kugulitsa kuno. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Lakisoni ndi ejenti, awa othandiza kugulitsa nyumba. Sindinamupeze pa chikwangwani ayi. Anandibweretsera ndi amake, mnzanga wa ku chigwirizano, amene takhala naye benchi imodzi ku tchalitchi kuyambira ana athu ali pa msana. Anati, "Amake Tiya, musavutike ndi anthu achilendo. Mwana wanu alipo."

Mwanayo ndi bambo wa mimba yake, wa ana atatu, mafoni awiri ndi nsapato zosongoka. Pa maliro a amuna anga ananyamula nawo bokosi, kutsogolo, dzanja lamanja. Munthu wotere mungamuuze kuti tilemberane pepala? Anagwada, ndinamupatsa kiyi wa geti ndi wa ku khitchini, tinapemphera. Pangano lathu linali limenelo.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Sananene kuti nthawi zina wochenjera manja amakhala mwanayo.

Anthu anayamba kubwera. Loweruka lililonse, nthawi zina ndi Lachitatu lomwe. Ine ndinaleredwa kuti mlendo sapeza khonde lotuwa, ndiye m'mawa uliwonse wotere ndinkagwada ndi polishi wofiira ndi burashi. Maondo omwe aja amene ndikugulitsira nyumba. Onani mmene zinthu zimayendera.

Ndipo ndaona anthu. Ena amatsegula wadirobu ngati anasiyamo jekete. Ena amagujumula chimbudzi kawiri, n'kuima kumvetsera. Bambo wina wa tayi anandifunsa ngati m'nyumba muno munaferapo munthu. Ndinati, "Bambo, nyumba yakale chonchi, mumafuna eni ake azikafera ku siteshoni ya mabasi ya Intercity?" Sanagule. Koma mapeyala anatenga.

Akachoka ndinkafunsa kuti zili pati. Lakisoni yankho lake linali limodzi. "Mami, aba ni ba siliyasi. Bayembekeza chabe loni. Manje manje, Mami." Manje manje ameneyo wadya Khisimasi m'nyumba mwanga.

Nditatopa, ndinachita zimene tonse timachita. Sindinamuuze. Ndinayamba kumuthawa. Foni ikalira ndinkaiyang'ana mpaka itatopa yokha. Loweruka lina, dzuwa lili pamutu, ndinamva galimoto pa geti, ndinathamangira kuchipinda, n'kudzifunda bulangete mpaka kumutu. Ndinati agogoda, atopa, apita.

Ndinaiwala kuti kiyi ali naye.

Ndinamva geti, ndinamva khitchini, ndinamva nsapato zosongoka mu kolido. Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. "Iyi ndiye masita bedirumu," anatero Lakisoni, mawu atatsitsa. "Aba ndiye bene bake, bapumula. Onani siling'i mwamene ilili." Ine phee, ngati mtembo. Anayeza windo. Anatsegula wadirobu pang'onopang'ono kuti asandidzutse. Potuluka, mayi amene anali naye anaima pa khomo nati, "Mupole msanga, ba mayo."

Ndinatsala pang'ono kuyankha kuti zikomo.

Tsopano Lachiwiri lapitali ndikusesa masamba a mtengo wosadziwika uja, ndinamva kugogoda. Mayi wa yunifomu ya unesi, ali yekha. Anati dzina lake ndi Mulenga, amachita lendi ku Woodlands.

"Muli shani, ba mayo? Mwapola?"

Mawuwo ndinawazindikira. Ndinati ndapola, linali chabe thupi.

"Nabwela kufunsa ngati mwasiliza kuganiza."

"Kuganiza chiyani, mwanawe?"

"Ba Lakisoni banakamba ati mutima wanu ukalibe kumasuka. Ati mukali kulila ba tata, tisakufulumizeni. Ine loni inachoka kudala, mu nthawi ya mphepo. Nabwela katatu kuona, katatu nalipila."

Ndinatsamira tsache. Ndinafunsa kuti walipira chiyani, kwa ndani.

Abale, mwina inu mumadziwa, ine sindinkadziwa. Munthu aliyense amene Lakisoni ankalowa naye pa geti langa ankayamba wapereka ndalama yoonera, imene iwo amati vyuwing'i. Agule, asagule, yoonera ndi ya ejenti. Nyumba yanga inali ngati chionetsero, anthu kulipira pa khomo, ndipo ine ndinali wopukuta khonde wa pa chionetseropo, wopanda malipiro. Tsiku lija la bulangete ndinalinso chimodzi mwa zoonetsedwa.

Ndiye ndikufunseni. Munthu angagulitse ng'ombe imene akukama m'mawa uliwonse?

Lachitatu ndinavala chitenje chabwino, ndinapita kwa Amake Lakisoni. Kwathu ukwati ukamatha suthera pa msewu, amaitana ankhoswe amene anaumanga. Ndinafotokoza zonse mwaulemu, za nesi, za yoonera. Za bulangete ndinasiya. Iwo ankangotakasa tiyi, kutakasa, kutakasa, shuga atasungunuka kalekale.

Kenaka anati, "Nanga mukagulitsa, Amake Tiya, mwanayo azionetsa chiyani?"

Ndinayang'ana kalendala ya pa khoma. Ankadziwa.

Anatakasanso. "Komanso mukapita ku Kabwata, ine pa benchi paja ndizikhala ndi ndani? Onse anzathu anatha."

Mawu oyamba aja ndikanakwiya nawo bwinobwino mpaka kunyumba. Achiwiriwa anandisokonezera mkwiyo. Ndinamwa tiyi, anali wozizira, ndinatsazika.

Lachinayi Lakisoni ndinamuimbira ndekha. Anadabwa kuti foni yanga imathanso kuimba. Anafika ndi anthu awiri m'galimoto, poti anati asawononge mafuta pachabe. Ndinati alendowo atsale momwemo.

"Lakisoni, khala pansi."

"Mami, nili na makasitoma."

"Sathawa, analipira. Khala pansi. Ndipatse makiyi anga. Ntchito ija yathera pano."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina. "Mami, nalakwa chani? Ine nine mwana wanu. Nine ninanyamula ba dadi."

"Unawanyamula bwino," ndinatero, "ndipo unawafikitsa. Nyumbayi ndiye sukuifikitsa."

Zaka zanga zonsezi, ndaika mwamuna m'manda, ndalera ana, koma kuuza munthu wodziwana naye kuti basi, ndinali ndisanachitepo.

Iye sanakangane. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa mulu wa makiyi wonga wa woyang'anira ndende. Kiyi aliyense anali ndi kapepala komata. Pamene ankafufuza anga, ine ndinkawerenga, poti sukulu ndinalekeza pa giredi seveni koma maso akadali bwino. "Mami Chelstone." "Ankolo Kabulonga." "Ante Woodlands." "Ba shikulu pa kona." Tilipo ambiri a m'banja limeneli, ndipo sitidziwana.

Anachotsa anga, anaika pa tebulo ndi manja awiri. Ulemu ali nawo, zimenezo sindingamunamizire. Atafika pa khomo anatembenuka.

"Mami, aba bali mu motoka baoneko chabe mwamsanga? Balipila kudala."

Ndinati awabwezere. Anapuma mozama ngati ndamuuza za maliro. Anazula chikwangwani chake pa mpanda, ndinamupatsa mapeyala anayi a ana, anapita. Madzulo ake ndinagula loko watsopano. Si kuti sindimukhulupirira. Ndimamudziwa chabe.

Ndakhala ndikuganiza, n'chifukwa chiyani ife timaopa chonchi mawu akuti basi? Telala wa ku mpingo akasunga nsalu yako chaka chonse, umamupatsa moni ndi mano onse, n'kukagula nsalu ina. Womanga wa kwa apongozi akapinditsa khoma, umati ndi diso lako lapindika. Timazimitsa foni, timati tili ku maliro ku Chipata, timalowa m'bulangete masana. Mlendo akatilakwira timadziwa njira ya ku polisi. Wodziwana naye akatilakwira timamuphikira tiyi.

Sindikunena kuti maejenti onse ndi a Lakisoni. Tiyanjane akuti alipo ena a maofesi, olemba pepala lonena tsiku loyamba ndi tsiku lothera, ndipo amadya pokhapokha nyumba ikagulidwa. Mwina alipodi. Ine ndangophunzira kuti pemphero ndi labwino, koma likhale pamwamba pa pepala. Ndipo munthu akabwera kudzaona nyumba yako, umufunse wekha dzina ndi maganizo ake, m'malo mopita kukamuthyolera mapeyala.

Ba Mulenga abwera mawa ndi munthu wa zamalamulo, Tiyanjane adzakhalapo kuti awerenge zilembo zing'onozing'ono. Ngati zonse ziyenda, ku Kabwata ndifika mwezi usanathe. Khonde sindipukuta. Analiona kale katatu.

Lamulungu ndinapita ku tchalitchi monga mwa masiku onse. Ndinapeza Amake Lakisoni atakhala pa benchi pathu, chikwama chawo chachikulu chija atachiika pamalo panga. Ndinaima. Sanandione. Nyimbo yoyamba ndinaimba chiimire, anthu akumbuyo akusuzumira m'mbali mwanga. Pa nyimbo yachiwiri, osandiyang'ana, anakoka chikwama. Osati chonse. Theka.

Ndinakhala ndi mbali imodzi, ina ili m'malere, ulaliki wonse. Moni sanandipatse. Koma pofika pa nyimbo yomaliza buku langa linali litatsalira kunyumba monga mwa chizolowezi, ndipo lawo analipendeketsa pang'ono kuti ndione. Kuchokera ku Kabwata kufika ku Chelstone ndi mabasi awiri. Ndawerengera kale, Lamulungu lokha maondo angapirire.

Tsono inu amene mwawerenga, kiyi wa geti lanu ali m'thumba la ndani? Pepala ili musakulungire tomato msanga. Ngati mukudziwa ankolo ena ku Kabulonga, kapena ante ena ku Woodlands, amene nyumba yawo yakhala pa malonda kuyambira kale ndipo alendo sakutha Loweruka lililonse, apititsireni awerenge. Muwauze kuti mlongo wawo wa ku Chelstone watuluka pa mulu uja, ndipo akuwapatsa moni.