Kalata ya Ada Imene Sindinatsegule

Ada, bambo anga, anali mkulu wa mpingo kufikira chaka chimene analowa chokolo mkazi wa malemu achimwene awo. Abale anawakakamiza, mpingo unawadula. Mayi uja atabwerera kwawo ku Usisya, ada anafuna kubwezeredwa pa mgonero. Apo n'kuti miyendo yawo itayamba kutupa.

Anatuma ine, poti mwa ana onse wapakamwa ndine. Ndinakakhala pabenchi pamaso pa akulu a mpingo wathu kufupi ndi Chintheche, n'kufotokoza pempho la ada. Anandilandira bwino. Mlembi anati iwo alibe mawu: nkhani ya munthu amene anali mkulu imakwera ku bwalo la pamwamba pawo, ikakanika imakweranso ku lalikulu kutauni, lomwe mawu ake sabwezedwa. Ndinafunsa kuti limakhala liti. Anati mvula ikatha.

Ndinabwerera kunyumba kukawauza ada. Kwathu wodulidwa akamwalira, mpingo suimba pamaliro pake, amayi a mpingo savala yunifolomu. Ada imfa sankaiopa, ankaopa kupita kumanda mwakachetechete ngati mlendo. Mantha awowo anandilowa inenso.

M'mawa uliwonse ndikamachokera kunyanja ndi dengu la chinangwa chovuula, ada ankandifunsa pakhonde ngati a bwalo aja akumana. Anthu amenewo sitinkawadziwa nkhope, koma pakhomo pathu ankatchulidwa kuposa achibale. Ndinkapsa nawo mtima, kenako n'kuchita mantha kuti ndachimwa.

Tsiku lina ada analephera kudzuka pamphasa. Anandigwira mkono, dzanja lawo lili lozizira.

"Mwana wangu, ayankha?"

"Ayankha, ada. Akubwezerani."

Anati yewo, kundithokoza, natseka maso. Anakhalanso masiku anayi, ndipo aliyense akabwera kudzawazonda ndinkaima pakhomo, kuopa kuti wina aulula bodza langa. Palibe anaulula. Pamaliro amayi a mpingo anabwera atavala zitenje wamba, n'kukhala chete m'munsi mwa mtengo wa mango.

Kalata inafika mwezi wachisanu, ya chidindo chofiirira. Mlembi anabwera nayo yekha pa njinga, ndipo atayamba kundiuza zomwe bwalo lagamula, ndinawapempha kuti asanene.

Ili m'Baibulo la ada mpaka lero, yomata. Ngati anavomera, ndiye kuti ada tinawaika opanda nyimbo pachabe. Ngati anakana, ndiye kuti mawu omaliza amene ada anandithokozera anali bodza. Ndikamapukuta fumbi pa shelefu, Baibulolo ndimalidumpha.