Ndinapatukira Apongozi M'matope a Mchere

Kwathu kuno ku Angonia mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake aakazi. Ukawaona akubwera m'njira umapatuka, ngakhale pali chitedze, n'kunjuta mpaka adutse. Sudya nawo, sukhala nawo mphasa imodzi, ndipo moni umaperekera kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinakula ndikuona bambo anga akuthawa agogo ngati anawabera mbuzi, ndipo ndinkadziwa kuti ulemu ndi umenewo. Sukulu ya kumishoni ku Fonte Boa inandichotsa zambiri m'mutu, koma chimenechi chinakanirira.

Mkazi wanga si wa kuno. Anabwera kudzagwira unamwino ku Ulongwe kuchokera kugombe la nyanja yamchere, kufupi ndi Beira. Paukwati wathu panabwera amalume ake okha, chifukwa amayi ake ndi amasiye ndipo inali nyengo yokolola mchere, wowasiyira ntchito panalibe. Mwana wathu woyamba atayamba kukwawa, tinagwirizana kuti sukulu imene ndimaphunzitsa ikatsekera tikamuonetse kwa agogo ake.

Ndinaumirira kutenga njinga. Inali njinga yamapiri, ya magiya ambiri ndi matayala okhuthala okhala ndi mano, imene ndinagula pa kaunjika ku Kalomwe. Ndinkaikonda mochititsa manyazi. Chitunda chimene anzanga onyamula kachewere amatsikira n'kumakankha, ine ndinkachikwera ndili pachishalo, ndikuimba mluzu kuti andione bwino. Mkazi wanga anati kwawo kulibe phiri, ngakhale chulu chenicheni n'chosowa, ndiye magiya onsewo ndikakwera nawo chiyani. Ndinayankha kuti ithandiza kutumikira apongozi. Zoona zake ndinkafuna anthu a kugombe aone mmene mwana wa kumapiri amapalasira. Njinga inakwera padenga la minibasi, imene kuno timati shapa, mpaka ku Tete, n'kukweranso basi, ndipo paliponse pamene tinaima ndinkatsika kukaiona ndisanafunse za mwana.

Titafika ndinapeza dziko loti see, lopanda poyambira maso. Kuseri kwa mudzi kunali minda ya mchere, timaiwe tosaya tolekanitsidwa ndi mizere ya dothi imene anthu amayendapo. Kupitirira apo kunali chidikha choyera mbee, kenako mitengo yomera m'matope, mizu yake ili poyera, nkhanu zikuthamangathamanga pansi pake.

Apongozi anatuluka m'nyumba akuvina, manja atatambasula. Anakumbatira mwana wawo, ananyamula mdzukulu, kenako anatembenukira kwa ine. Anapeza palibe munthu. Ine ndinali kuseri kwa mtengo wa kokonati, nditanjuta, ndikuomba m'manja mwaulemu wonse umene anandiphunzitsa. Mtengo wa kokonati ndi woonda, subisa munthu, choncho mudzi wonse unaona.

Zinapitirira motero masiku anayi. Apongozi akandiphikira mpunga wa nkhanu n'kukhala pansi kuti tidyere limodzi, ine ndinkanyamula mbale kupita nayo panja. Akalowera khomo la kutsogolo, ine ndinkatulukira la kuseri. Iwo amalankhula Chisena, chimene Mnyanja amachimva akatchera khutu, koma ine ndinkachimvera kuseri kwa khoma. Mkazi wanga anawafotokozera kuti ndi mwambo wa kwathu. Kaya kwawoko mwambowu unaliko kale, sindidziwa, koma mayi amene wakokera mchere pamodzi ndi amuna moyo wake wonse analibe nawo ntchito. Anati ulemu wothawa munthu sanauonepo. Anati mwina aphunzitsi akunyansidwa ndi fungo la nsomba.

Tsiku lachinayi mkazi wanga anandipeza ndikupukuta njinga. Anandiuza kuti amayi alira. Akuti munthu amene sangawayang'ane m'maso sakudziwa kuti mwana wawo amamusunga bwanji kumapiriko, ndipo ndi bwino ine ndibwerere ndekha, mayi ndi mwana atsale kaye. Ndinaseka, koma iye sanaseke.

“Bambo a mwana, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ine amayi anga ndi amodzi omwewa. Mukapanda kuwalonjera ngati munthu, shapa ya ku Ulongwe mukwera nokha ndi bisikileta yanuyo.”

Ndinachita mantha, ndisaname. Ndinalonjeza kuti mawa ndiwapatsa moni wa m'manja. Koma lonjezo linatuluka pakamwa pokha, miyendo sinamve.

M'masiku onsewo pothawira panga panali panjinga. Mmawa uliwonse ndinkapalasa pamizere ya pakati pa minda ya mchere, mphepo ya kunyanja ikundiomba kumaso, milomo ikuwawa mchere, akakowa akuuluka ndikawayandikira. Popanda chitunda njinga imathamanga ngati yalipidwa. Ndinkakhota pamakona osagwira mabuleki, amayi okokera mchere n'kumaima kundiyang'ana, ine n'kumati akusirira. Mkazi wanga anali atandichenjeza zinthu ziwiri. Poyera ndisapondepo, ndipo madzi a m'nyanja amabwera kumtunda kawiri patsiku. Zonse ziwiri ndinazitaya kunkhongo. Kwathu madzi amadzaza mvula ikagwa, ndipo kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Kuyerako ndinkakudziwanso. M'nyengo yozizira dambo lathu limayera chimodzimodzi ndi chisanu, ndipo ndimadutsapo panjinga popita kusukulu, pansi pali gwa.

Mmawa wa tsiku lachisanu ndinapita kutali, kumzere womaliza, wopapatiza moti anthu awiri sangapatukirane osakhudzana mapewa. Ndikubwerera ndinaona munthu akubwera, dengu la mchere pamutu, chokokera mchere chathabwa m'manja. Kuyenda kwake ndinakuzindikira. Anali apongozi.

Apa ndiye panali pokwaniritsira lonjezo. Mutu unati tsika, vula chipewa, pereka dzanja. Koma manja amene anakulira ku Angonia anali atakhotetsa kale chiwongolero. Tchire panalibe, nkhokwe panalibe, panali chidikha choyera chija basi. Ndinatsetsereka pamzere n'kulowa momwemo.

Poyamba zinayenda. Mchere unkaphwanyika pansi pa matayala ngati chisanu chakwathu, ndipo ndinayamba kuganiza kuti anthu a kuno ndi amantha chabe. Kenako tayala la kutsogolo linamira mpaka pakati, njinga inaima, ine ndinapitirira. Ndinatera chamimba, ndipo poti ndidzuke miyendo inalowa mpaka m'ntchafu. Pansi pa kuyera kuja panali matope akuda bii, onunkha ngati dzira lovunda. Ndikakoka mwendo uwu, winawo unkapita pansi.

Chimene ndinachita kenako ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinatembenuzira nkhope kumbali n'kuyamba kuomba m'manja, matope akuthovokera kumaso, kudikira kuti apongozi adutse.

Sanadutse. Ndinamva dengu likutulidwa. Ndinaonanso chinthu china: kuchokera kumitengo kuja, madzi anali kubwera mwakachetechete m'tingalande, kumwamba kuli ngwee. Apongozi anagoneka chokokera mchere pamatope, anagwada pathabwalo, n'kutambasula dzanja.

“Gwirani apa, akamwini. Ndipo mundiyang'ane, ndidziwe pokokera.”

“Amayi, pepani, kwathu sititero.”

“Kwanu kuli kutali. Madzi ali pafupi.”

Ndinawayang'ana. Inali nthawi yoyamba kuona nkhope yawo bwinobwino, ndipo inali nkhope ya mkazi wanga, mpata wa m'mano womwewo. Ankayesetsa kuumitsa nkhope koma milomo inkanjenjemera ndi phwete. Dzanja lawo linali lokhakhala ngati chikwanje chakale, ndipo linali ndi mphamvu kuposa langa. Anandiuza kuti ndigone chamimba ndisiye kupalasa miyendo, n'kundikoka pang'onopang'ono mpaka ndinazuka. Nsapato imodzi inatsala komweko. Njinga anaikola ndi chokokera chija, tinaikoka tonse awiri, madzi atafika kale m'akakolo.

Tili pamzere anandifunsa ngati ndinalowa m'matopemo dala. Ndinavomera. Anafunsa ngati chinali chifukwa cha iwo. Ndinavomeranso, ndikuyang'ana chala changa chakuphazi. Anayang'ana njinga imene masiku onsewo ankandiona ndikuipukuta ngati khanda, ili matope okhaokha. Anati munthu wonyansidwa nawe amadutsa atakweza mphuno, sataya chinthu chimene amachikonda kuti akupatse njira. Atatero anaseka mpaka anakhala pansi, ndipo amayi onse a m'minda ya mchere anathandizira.

Tinalowa m'mudzi motsogozana, iwo patsogolo ndi dengu, ine pambuyo ndi nsapato imodzi. Mkazi wanga atationa anangogwira pakamwa. Apongozi ndiwo anatunga madzi a pachitsime n'kundilamula kuti nditsuke njinga ndisanasambe, chifukwa mchere umadya chitsulo msanga kuposa munthu. Mkazi wanga anawauza kuti kwathu manyazi a mkamwini amatha apongozi akamupatsa kanthu, kawirikawiri nkhuku. Iwo anati nkhuku sangaiononge pa munthu wosamva. Anatapa mchere m'dengu lomwe lija, anaumanga m'kansalu n'kundiika m'manja. Masana amenewo tinadya mbale imodzi, ndipo nkhani yoti wina atsale sinatchulidwenso. Njinga yokha ndiyo sinandikhululukire, tcheni chake chimalirabe mpaka pano.

Patapita zaka ziwiri apongozi anabwera kudzationa, m'nyengo yozizira, atavala majuzi awiri ndi chitenje kumutu. Lamulungu mmawa tinanyamuka wapansi kupita ku Misa ku Fonte Boa, bambo anga ndi abale ena ali nafe. Titafika padambo tinapeza chisanu chagwa, udzu wonse uli mbee. Ndinatsogola kuti ndidutse pachidule monga mwa masiku onse. Apongozi anandigwira padzanja, pamaso pa anthu onse.

“Mwana wanga, poyera sitiponda.”

Ankadziwa bwino kuti ndi chisanu, mpata wa m'mano uja unkaonekera. Abale anga anayang'anizana, ena anatsokomola. Ine dzanja sindinalichotse. Tinazungulira dambo lonse atandigwira chomwecho, ndipo Misa tinaipeza itayamba.

Madzulo ake bambo anga anandipeza ndikuthira mafuta patcheni. Ndinayembekeza kuti andidzudzula. Koma iwo anati apongozi awo, agogo anga aja, anawaphikira zaka zonse zija, anawalelera ana, ndipo iwo anawaika m'manda asanawaonepo nkhope bwinobwino. Anandifunsa ngati ndikukumbukira mmene inkaonekera. Ndinasiya tcheni, ndinapukuta m'manja, n'kuyamba kuwafotokozera.