Belu la bambo Damiyano

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku ukwati. Ndinachoka kwathu ku Tsangano kuperekeza msuweni wanga amene ankakwatiwa ku Furancungo, ndipo woimba tekiladu, limba lamagetsi lija, atalephera kubwera, anandikankhira ine patsogolo chifukwa ndinkaimbira kwaya ya kutchalitchi kwathu. Mwambo utatha, bambo wina wamfupi amene ankasamala zokuzira mawu anandiitana.

"Zala uli nazo. Nanga makutu uli nawo?"

Anali a Jowakimu, koma aliyense ankangowatchula kuti a Mesitiri, kutanthauza katswiri. Anali ndi situdiyo kuseri kwa msika, kachipinda kamodzi komata matumba a mbatata ndi zidutswa za matiresi m'makoma. Amayi anavomera kuti ndikagwire ntchito kumeneko nditawalonjeza kuti ndizikhala kwa msuweni wanga uja.

Zida zinali zochepa: kompyuta yakale, maikolofoni awiri, kabokosi kolowetsera mawu mu kompyuta, ndi tekiladu yokhala ndi timabatani topotokola pamwamba pake. Mu kompyutamo munali mapulogarama awiri. Ina inali yojambulira nyimbo ndi kusanja mawu a oimba. Inayo inali youmbira mawu atsopano, momwe umayika timabokosi n'kumatilumikiza ndi timizere mpaka patuluke kulira kumene ukufuna. Awiriwa sankamvana okha. Ntchito yanga inali kuwalumikiza.

A Mesitiri anandiphunzitsa kutsegula chingwe cha MIDI chosaoneka ndi maso, chomwe chimanyamula mauthenga kuchoka ku pulogarama ina kupita ku inzake. Uthengawo si mawu ayi, koma malamulo chabe: lira, leka, kwera, tsika. Kenako ndinkapatsa kabatani kalikonse ntchito yake. Umadina pamene palembedwa kuti aprender, kutanthauza kuphunzira, n'kupotokola kabataniko, basi pulogarama yagwira kuti aka ndi kotalikitsa kulira, ako ndi kochotsa kuthwa kwa mawu. Ndinkatha tsiku lonse ndikupotokola, kunja njinga zamoto zikudutsa ndi fumbi, amayi ogulitsa mandasi akusuzumira pazenera kufunsa ngati ndagwira kale mbalame imene ikulira m'katimo.

Tsiku limene sindiliiwala ndi lomwe kunabwera kwaya ya ku Chidzolomondo. Anafika m'mawa pa lole ya fodya, ndipo dalaivala anawauza kuti dzuwa likapendeka iye akubwerera, kaya atha kaya sanathe. Mtsogoleri wawo anali bambo Damiyano, munthu wachikulire wa imvi, amene anathawira ku Malawi pamodzi ndi anthu akwawo nthawi ya nkhondo. Nyimbo yawo inali yothokoza Mulungu chifukwa cha kubwerera kwawo, ndipo iwo ankafuna iyambe ndi belu.

Tinawayimbira mabelu onse amene anali mu kompyuta. Bambo Damiyano anapukusa mutu.

"Awa ndi a matchalitchi a mu mzinda. Lathu linali chitsulo cha gudumu la lole, chopachika pa mtengo wa mango. Ndi limene linkatiitanira ku mapemphero kuchilendoko. Pobwerera tinalisiya."

A Mesitiri anandiyang'ana. "Rozita, liumbe."

Ndinalumikiza timabokosi tanga, n'kupotokola kabatani koyamba. Belu silinasinthe, koma mawu a azimayi amene tinali titajambula kale poyeserera anazimiririka. Nditagwira kachiwiri, kunatuluka kulira kosalekeza ngati mluzu, ana a kwaya n'kutseka makutu. Titazimitsa ndi kuyatsanso, mayi wina woimba soprano anati chida chathu chakwera, sichikugwirizana ndi mawu awo. Anthuwa anali atasiya minda yawo, ndipo sakanapezanso lole ina mwezi umenewo.

A Mesitiri sanakalipe. Anauza oimba kuti akapume pa mthunzi, n'kukoka mpando kukhala pambali panga.

"Kwanu mumathirira mbatata, eti? Madzi akapanda kufika ku mzere womaliza, umakumba munda wonse?"

"Ayi, ndimatsata ngalande."

"Tsata ngalande."

Tinayamba pa tekiladu penipeni. Uthenga unkatuluka bwino. Koma mapulogarama onse awiri ankamvera pa kanalo mmodzi, ndiye kuti mpata umodzi wa uthenga, choncho kabatani ka belu kankalamulanso mawu a azimayi. Tinasamutsira belu pa kanalo wachiwiri. Mluzu uja unkabwera chifukwa pulogarama youmbira inkabweza uthenga uliwonse kumene wachokera, inayo n'kuutumizanso, osatha. Tinatseka njira yobwererayo. Za kukwera kwa chida tinazipeza pomaliza: poyatsanso paja, pulogarama ina inadzukira pa quarenta e oito, 48, pamene inzake inali pa quarenta e quatro, 44, ndiye ankawerenga mawu pa liwiro losiyana. Titawafananitsa, zonse zinakhala m'malo.

Tinaitana bambo Damiyano okha. Ndinawaveka zomvera m'makutu, ine dzanja pa timabatani.

"Likulira mokoma kwambiri, mwanangu. Lathu linali losasa."

Ndinawonjezera kusasa.

"Eya. Koma likuchedwa kuleka. Lija linali ndi mng'alu, silinkapita patali."

Ndinafupikitsa mchira wake pang'onopang'ono, ndikumenya kiyi imodzimodzi. Mwadzidzidzi anandigwira mkono kuti ndisapotokolenso. Maso awo anali pa khoma. Kenako anavula zomverazo, n'kupita pakhomo.

"Anaphiri, tabwerani mudzamve."

Akazi awo analowa, n'kumvera kamodzi kokha. Anakhala pansi pa simenti, n'kuyamba kutchula mayina a anthu amene anawaika m'manda kuchilendoko. Palibe anawadula mawu. Atatha, kwaya inalowa n'kuimba nyimbo yonse ulendo umodzi, ndipo dalaivala atayamba kuliza hutala, ife tinali titamaliza.

Situdiyo ija kulibenso. A Mesitiri anabwerera kumudzi kwawo maso atayamba kuvuta, ndipo m'kachipindamo tsopano amagulitsamo feteleza. Ine ndimagwira ntchito ndi zida zabwino kuposa zija, zolumikizana zokha popanda kuzinyengerera. Koma zikasokonekera, sindigwira paliponse; ndimayamba pamene uthenga ukuchokera, n'kumautsata mpaka ndipeze pamene waima. Ndipo munthu akandiuza kuti mawu amene ndaumba si amenewo, ngakhale atakoma bwanji, sinditsutsa. Iye anawamvapo. Ine ndimangopotokola mpaka andigwire mkono.