Anati Adzakwera Lole Yoyamba

Anzanga, munthuyu ndinakumana naye kuntchito kwanga, pa shopu yosoka zovala. Analowa ali wefuwefu, atakolekera jekete paphewa.

"Asisi, ndipulumutseni. Madzulo ano ndikuyankhula pa TV, koma jeketeli ndi lobwereka, manja ake akundimeza."

Ndinamuyeza mikono iye akundiseketsa. Kuyambira tsiku limenelo ndinamutcha Wajekete.

Madzulo ndinamuonadi pa TV. Nthawi imeneyo kumalire zinthu zinali zitavuta, ndipo paliponse anthu amakangana nkhani imodzi: usilikali ukhale wa ofuna okha, kapena mnyamata aliyense azitengedwa, afune asafune? Wajekete anali mu komiti ya achinyamata imene imalangiza boma pa lamuloli, ndipo pakamwa anali napo.

"Mukati ofuna okha, mukunena ana a amphawi," anatero. "Amalowa usilikali chifukwa ntchito kulibe. Mwana wa bwana angaufunirenji? Tipite tonse, wolemera ndi wosauka yemwe. Ineyo ndidzakwera lole yoyamba."

Ndisaname, mtima wanga unapita pomwepo.

Anayamba kubwera ku shopu tsiku ndi tsiku, mabatani a malaya ake akumangothothoka mosadziwika bwino. Amakhala pa kampando pafupi ndi makina anga n'kumandilowetsera ulusi mu singano. Chikondi chinakoma, anzanga, moti ndimasoka ndikumwetulira ndekha.

Koma mu shopumo munayamba kulowa nsalu zobiriwira, mipukutu yofika pawindo, mpaka mkati mumachita mdima masana. Tinauzidwa kusoka mayunifolomu, lamulo lisanadutse n'komwe. Ambiri anali masaizi aang'ono. Bwana anati tisoke basi, tisafunse.

Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 19, amene timamutcha Sipanala chifukwa amaphunzira umakaniko. Iye ndi Wajekete amakonda kutsutsana pakhonde.

"Alamu, munthu wosafuna mfuti mukamupatsa mfuti, ateteza ndani? Ine magazi a nkhuku okha amandichititsa chizungulire."

"Ukazolowera, mphwanga. Dziko ndi la tonse."

Amaseka onse awiri. Amayi okha ndi amene samaseka.

Lamulo litadutsa, amayi sanachedwe. Anagwirizana ndi amalume, amene amayendetsa thiraki ya katundu kupita kunja, kuti amutenge Sipanala ngati wothandizira, akakhale konko mpaka zinthu zitazizira. Chikwama chinali chitalongedzedwa kale.

Wajekete atamva anabwera kunyumba, nakhala pansi penipeni pamaso pa amayi.

"Amayi, othawa akadzagwidwa ndi ndende. Musiyeni mwanayu. Tipitira limodzi, tikagona tenti imodzi. Ndikamuyang'anira ngati mng'ono wanga wa bere limodzi."

Amayi anatembenukira kwa ine.

"Iwe, munthu wakoyu ukumudziwa bwino?"

"Ndikumudziwa, amayi. Sanama."

Anamasula chikwama chija. M'mawa mwake amalume ananyamuka okha.

Sabata yomweyo Wajekete anandigwira dzanja tikuchokera ku shopu.

"Babe, sindikufuna kupita ndisanakupange mkazi wanga. Tingokasainirana ku ofesi Lachisanu, phwando tidzachita ndikabwerako."

Ndinalira ndi chimwemwe... Ndinkati ndi mwamuna uti amene amaganiza za ukwati imfa ikumuyang'ana? Tinasaina, mboni yanga ali Sipanala.

Tsiku lonyamuka tinasonkhana pa bwalo la mpira. Malole anali atandandalika, mainjini akulira. Anthu anali ambiri, azimayi atangogwira ana awo malaya. Sipanala anali atametedwa kale mpala, makutu ali panja, akuoneka ngati mwana wa pulayimale.

Wajekete anafika mochedwa, atatchena, m'manja mulibe kanthu.

"Chikwama chili kuti?" ndinamufunsa.

"Tikambirana kunyumba, babe."



Kenako msilikali wina anakwera pa tebulo ndi chimkuzamawu.

"Amene munakwatira lamuloli lisanayambe kugwira ntchito, ndipo muli ndi setifiketi, imani kumanzere. Inu simukupita."

Anthu anayang'anana. Mfundo imeneyi sinanenedwepo pa wailesi ngakhale tsiku limodzi. Kumanzereko kunapita anyamata ochepa ovala bwino, angapo ndinawazindikira kuti ndi a mu komiti ija. Wajekete anapisa m'thumba, natulutsa setifiketi yathu.

Lamulo linayamba kugwira ntchito Lolemba. Ife tinasaina Lachisanu la m'mbuyo mwake.

"Unkadziwa?"

"Usapange scene pano, please. Kukukonda ndimakukondadi."

"Ndakufunsa kuti unkadziwa?"

"Ndiye umafuna ukhale wamasiye?"

Anandichotsa dzanja pamkono pake mwaulemu, n'kupita kukaima kumanzere.

Sipanala anali atakwera kale, sanamve chilichonse. Anali ataika chikwama chake pambali, akukankha anzake kuti asakhalepo. Anatiyang'anayang'ana m'gulumo mpaka anamuona Wajekete.

"Alamu! Fulumirani, malo ndakusungirani apa!"

Wajekete anayang'ana pansi. Lole inayamba kuyenda, mlongo wanga akukuwabe, akumenya bodi kuti dalaivala adikire munthu mmodzi watsala.

Amayi sanalire, sanandikalipire. Anangotembenuka n'kuyamba kuyenda, ine ndikuwatsatira m'mbuyo ngati mlendo.

Kunyumba kwa Wajekete sindinapondeko, ngakhale pa pepala ndine mkazi wake. Sipanala anaimba kamodzi ali ku training. Kuchokera pamene anawapititsa kumalire, foni yake siikupezeka, ndipo amayi amagona ndi yawo m'manja.

Anzanga, munthu akamakuwa kuti tonse tipite, muzimuona kaye atakwera musanamupatse m'bale wanu. Pa foni ija Sipanala sanadandaule za njala kapena mfuti. Anangondifunsa kuti, "Asisi, alamu anawaika kampu iti? Ndawafunafuna konse kuno."