Zaina Anaphunzitsa Foni Kupereka Moni

Inu amene mumati moyo wakukanikani, khalani pansi ndikuuzeni za Mana Zaina wa kwathu kuno ku Assumane. Kuno mana ndi achemwali, mano ndi achimwene. Nkhaniyi ndikangoiyamba mtima umandiwira, ndiye ndikakalipa musadabwe.

Lachisanu lina mu Juni, kuzizira kwa Lichinga kuja kolowa mpaka m'mafupa, amalume ake, a Masudi, anamugwira dzanja Zaina n'kukamukhazika pa thumba pakhomo la msika. Anamuikira mbale pamiyendo.

"Lero ndi tsiku la sadaka. Ukhale pompano. Maso ulibe, koma pakamwa uli napo."

Tamvani! Munthu wamkulu, wandevu zake, kunena zimenezo kwa mwana wa mlongo wake. Mtsikana amene ankaposa anyamata onse pa masamu maso asanayambe kuchita chifunga ali m'kalasi ya setima, yachisanu ndi chiwiri ija. Bambo ake anamwalira kalekale, ndipo amayi ake sanayankhepo mlongo wawo chibadwire. Ndiye zonse zinali m'manja mwa a Masudi.

Zaina sanapemphe. Anavundikira mbale ija pansi n'kukhala duu mpaka dzuwa kupendeka. Azimayi ena a kwathu konkuno, mayina ndikuwadziwa koma ndingosiya, ankadutsa akunong'onezana kuti, "Basi, watha ameneyu." Ngati kuti munthu akapanda kuona ndiye kuti samvanso.

Zopempha zitakanika, amalume anapeza nzeru ina. Ku Muembe kunali bambo wina wokalamba wa akazi awiri, ankafuna wachitatu woti azikhala pakhomo n'kumatonola chimanga.

"Mvula ikubwerayi ikatha, tikakumba mbatatesi, ukupita," anatero. "Wina wokufuna ndani?"

Chimene Zaina anali nacho ndi foni yosweka galasi imene msuweni wake anataya. Galasi kwa iye linalibe ntchito. Jeremias, bambo wokonza mafoni pa kabaraka, kashopu kake ka pafupi ndi msika, anamutsegulira penapake kuti foniyo izilankhula chilichonse chimene chala chakhudza. Inkalankhula Chipwitikizi chokhachokha, komabe Zaina anaikakamira mpaka anaizolowera. Ankaimvetsera ikuthamanga, ife n'kumangomva ngati mbalame zikukangana, iye akumva zonse.

Jeremiasyo, kupatula mafoni, amadziwanso zolemba mapulogalamu. Bungwe lina la alimi linamupatsa ntchito yokonza nambala yoti munthu aziimba n'kumva za mvula, za mbewu, ndi za matenda a mbatatesi. Panasowa woti akonze zimene foniyo izinena, n'kuzinenanso ndi mawu ake.

"Mana, mawu ako ndi omveka bwino. Ungayese?"

Anayesa. Koma kujambula mawu ku Lichinga, epa! Kubaraka njinga zamoto sizitha. Kunyumba mvula pamalata. Mvula ikaleka, tambala wa a Abdulai oyandikana nawo amayamba, tambala wosadziwa nthawi ngati mwini wake. Zaina ankadzifunditsa mabulangete atatu n'kumalankhulira m'katimo, kutuluka thukuta lili kamukamu.

Anakonza zachangu, mmene iye amakondera. Ukangoimba, mawu ankati: "Dinani um kuti mumve za mvula. Dinani dois kuti mumve za matenda." Um ndi dois ndiwo wani ndi thu m'Chipwitikizi. Ukachedwa, kaphokoso kakuti piii, kenako foni n'kuduka.

Zinakanika. Anthu ankaimba kamodzi osabwerezanso. Dona Palmira, mkulu wa bungwe lija, ananena mosabisa kuti zikapitirira choncho atseka nambalayo. Nkhani inafika m'makomo mwathu tsiku lomwelo, mukudziwa mmene timachitira. A Masudi anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinanena ine. Wakhungu n'kumaphunzitsa makina? Konzeka za ku Muembe."

Ine ndikanakhala Zaina ndikanawaponyera foniyo kumaso. Koma iye anatenga ndodo yake n'kupita kumsika komwe kuja anamukhazika ndi mbale, ulendo uno ndi miyendo yake. Anakhala pakati pa azimayi ogulitsa mbatatesi. Anapempha mmodzi, Mayi Olinda, kuti aimbe nambala ija n'kukweza mawu, osawauza kuti wolankhula m'menemo ndani.

Mayi Olinda anapukuta manja pa kapulana, chitenje chawo chija, anakhala bwino, foni n'kuyankhidwa.

"Mwaswera bwanji, mwanangu? Kunyumba kuli bwa..."

"Dinani um kuti mumve za mvula. Dinani dois..."

Mayi aja anakhala chete, poti munthu akamalankhula sumudula. Anadikira kuti amalize, ayambirenso moni wawo. Piii! Foni thii, yaduka.

"Iii! Mwana wa ndani ameneyu? Kulowa m'nyumba mwa eni popanda odi, kutulukanso osatsanzika! Sanaleredwe ameneyu. Ndipo um wakeyo ali pati? Ine ndinapita kusukulu?"

Azimayi onse anaseka. Wina anati nayenso anaimbapo, anatukwanidwa chimodzimodzi.

Zaina anati, "Ndine, mayi. Mawuwo ndi anga."

Kenako Mayi Olinda anamugwira bondo.

"Ndiye pita ukadzikonze, mwanangu. Mawu uli nawo okoma. Ulemu unausiya kuti?"

Anandiuza yekha Zaina kuti zimenezi zinamupweteka kuposa mbale ija. Koma analunjika kubaraka.

"Mano Jeremias, foniyi iziyamba ndi moni. Izidikira munthu ayankhe."

"Mana, makinawa samva Chinyanja, ngakhale Chiyao. Moniwo aumva bwanji?"

"Asaumve. Angodziwa kuti munthu wasiya kulankhula. Zimenezo angathe?"

Jeremias anakanda mutu. "Zimenezo zokha, inde."

"Ndiye adikire."

Musaganize kuti zinatheka pomwepo. Poyamba makina ankadumphira munthu akangopuma. Inu mukudziwa moni wa azimayi athu: anena za iwo, apume, anene za ana, apumenso, kenako akumbukire mwendo wa agogo. Zaina ankabwerera kumsika tsiku ndi tsiku, kuimbitsa mayi uyu ndi uyo, kumvetsera pamene akupumira, n'kukauza Jeremias kuti awonjezere kudikira. Akawonjezera kwambiri, anthu ankayesa foni yafa. Ndiye anachotsa piii uja n'kuikapo mawu ake apansipansi akuti, "Eee, ndikumva."

Za um ndi dois anazitaya. Pa mafoni a mabatani pali batani lapakati lokhala ndi kachiphuphu, limene iye amalipeza ndi chala. Anakonza kuti foni izifunsa chinthu chimodzi chimodzi: "Kodi mukufuna za matenda a mbatatesi? Ngati ndi choncho, dinani batani lapakati la kachiphuphu. Ngati ayi, ingodikirani, ndikufunsani china." Anajambulanso zonse m'Chiyao, m'mabulangete momwe muja, tambala uja akusokoneza chimodzimodzi.

Ndipo foni inasiya kuduka mwachipongwe. Inkamaliza ndi, "Zikomo, mayi kapena bambo. Mupereke moni kunyumba."

Mvula itafika pakati, chiwawu chinagwa m'minda, masamba a mbatatesi kuda ngati awauka ndi moto. Mayi Olinda anaimba pamaso pa anzawo. Foni inati, "Odi, odi! Ndine Zaina. Muli bwanji kumeneko?" Mayi aja anafotokoza zonse mpaka chifuwa cha mdzukulu, foni ili phee kudikira. Atamaliza inati, "Eee, ndikumva. Ine ndili bwino, zikomo." Anamvera malangizo mpaka kumapeto, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono ngati akuthokoza mlendo.

"Tsopano waleredwa," anatero.

Nambala inayenda kuchoka pakamwa kupita pakamwa, ku Sanjala, kumidzi, mpaka ku Muembe komweko. Dona Palmira sanatseke. Anamuitana Zaina n'kumulemba ntchito yeniyeni, yoti azikonza mawu onse a bungwelo.

Mukuganiza kuti amalume anachita manyazi? Ayi ndithu! Iwo anali atalonjeza kale kwa bambo wa ku Muembe uja. Mbatatesi zitakumbidwa, anafika m'mawa wina shapa, minibasi ya ku Muembe, isananyamuke, analowa m'nyumba osaodira, anatulutsa chikwama cha Zaina n'kuchiika pabwalo. Ine ndinali pampanda ndikuyanika zovala. Zinali zouma kale, koma ndinaziyanikabe.

Zaina anatuluka, anagwada pang'ono. "Mwadzuka bwanji, amalume?"

Iwo moni sanayankhe. Anayamba kulalata: za ulemu wa banja, za mawu amene anapereka kale, za mtsikana wosaona amene akudziyesa dotolo, za chakudya chimene wadya pakhomopo. Analankhula mpaka thovu m'mbali mwa milomo. Zaina ankangomvetsera. Akapuma, iye osadumphira, kudikira ngati pali zina. Zinalipodi. Anapitiriza mpaka mawu anawathera.

Pamenepo Zaina anati, "Eee, ndikumva."

Kenako anadzuka n'kuimirira bwinobwino.

"Moni ndapereka, ndadikira mwamaliza. Tsopano ndi nthawi yanga. Sindipita, amalume. Ntchito yanga ili kuno."

"Ukuyankha ine?" Anatembenukira mlongo wawo. "Iwe, ukumumva mwana wakoyu?"

Amayi ake a Zaina, amene sanayankhepo chibadwire aja, sanayankhebe. Anangoyenda pang'onopang'ono, ananyamula chikwama chija, n'kuchibwezera m'nyumba. Anatseka chitseko.

Shapa ya ku Muembe inapita yopanda Zaina.

Ndipo imvani izi, zimene ndinaona ndi maso anga. Mvula yotsatira, chiwawu chinagwiranso munda wa a Masudi. Ndinawapeza kuseri kwa khola la mbuzi, foni kukhutu, akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba. Ndinamva akuti, motsitsa mawu, "Ndili bwino, kaya iwe."

Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti foniyo inawadikira. Inawauza mankhwala, inawauza kuti apereke moni kunyumba, mwaulemu wonse, ngati si iwo anamuikira mbale pamiyendo. Ndinamufunsa Mana Zaina kuti bwanji osakonza kuti ikamva nambala yawo iziwadulira. Anangoseka.

"Ndinaiphunzitsa ulemu movutikira. Ndisaiwonongere munthu mmodzi."

Ndiye iwe amene ukuwerenga izi, kaya anakukhazika pa thumba, kaya anakuuza kuti watha, kaya unayesa koyamba anthu n'kukuseka pamsika: kwiya, inde, inenso ndakwiya. Koma mkwiyowo usakugoneke pansi. Bwerera komwe anakusekerako, ukamve chimene chalakwika, ukakonze. Asiye alalate mpaka mawu awathere, kenako unene zako. Mtima wakowo usauponye m'mbale ya munthu wina, ugwire zolimba.