Dzina Losowa pa Chinkhoswe

Ndili pa chinkhoswe ku Ndirande, ndipo nkhoswe ndine. Mkwati ndi pulogalamu ya pakompyuta imene ikundikanika kuntchito, yavala suti ya mlamu wanga. Singadzuke pampando mpaka ndiilumikize ndi mkwatibwi, laibulale ija ya pakompyuta imene mapulogalamu onse amabwerekako zida, chilichonse poitana dzina lake.

Azakhali akuchikazi akutulutsa atsikana ofunda zitenje. Ndikuvundukula woyamba. Dzina lili pamphumi pake ndi lomwe tikufunalo, koma lamera zilembo zina kutsogolo. Wachiwiri ndi wa mtundu wakale, akungotafuna chimanga.

"Dzina silikupezeka," akutero mkulu wa mwambo pa maikolofoni.

"Bambo inu, maso muli nawo? Laibulale si iyo yakhala apoyo!" ndikukalipa.

"Inalowa mkwati asanafike, achimwene. Ine sindicheuka."

Ndikuibereka kumsana, kulemera kwake ngati thumba la simenti, ndikuzungulira nayo tenti kuti ilowenso pambuyo pa mkwati. Azimayi akuimba nthungululu. Mkulu uja akutsokomola, n'kuitana dzina lina limene sindinalimvepo. Laibulale ikundinong'oneza kuti limenelo linatsala kwa amayi ake ku Karonga, ndipo tipite wapansi.

Ndadzuka wotopa ngati sindinagone, mkwiyo womwe wandithera.